Anamutenga Pamphasa, Anamutaya pa Wailesi

Ndinanyamuka pa Sharpevale Lachitatu m'mawa, mame asanaume, nditavala jekete langa la kutchalitchi ngakhale kwathu kuchigwa kuno kutentha sikuchita kufunsa. Ndinavala dala. Ndinkapita kukakangana ndi anthu a maudindo, ndipo sindinafune kuti wina andiyese wopemphetsa. Mlongo wanga aNangozo anandiperekeza mpaka pamsewu, mawu awo ali amodzimodzi: "Achimwene, mwanayo asabwere yekha ngati wakuba nkhuku. Amene anadzamutenga pano adzamutule pano."

Mwana amene ankanenayo ndi Fanuwelo, goloboyi wa timu ya ku Boma ya Mphenzi za Kumtunda, amene anthu a mpira amamudziwa ndi dzina loti Chitseko. Kunena zoona si mwana, ndi bambo wa ana atatu, ndipo imvi zayamba kusuzumira m'ndevu. Koma kwa mayi ake ndi kwa ine malume ake, ndi mwana basi. Timuyi itamufuna, akali mnyamata wotchinga pagolo wopanda nsapato pabwalo la sukulu, sinatumize uthenga. Kunabwera akuluakulu a komiti pamodzi ndi mphunzitsi wa timu, anakhala pamphasa pakhonde la mlongo wanga, anavula zipewa, napempha mwana monga mmene anthu amafunsira mbeta. Bambo ake anali atamwalira kale ndi chifuwa chimene anabwera nacho ku migodi, choncho amene ndinamugwira dzanja n'kumupereka ndine. Ndinawauza kuti, "Tsiku limene mudzathane naye, mudzabwere naye pamphasa pomwe pano." Anavomera, tonse tinaomba m'manja.

Ndiye sabata yatha ija, pa pulogalamu ya zamasewero, tinangomva wailesi ikuti Mphenzi zatsanzikana ndi Chitseko. Mwiniwakeyo anamva ali pampando wa wometa, theka la mutu lisanametedwe. Kuyambira tsikulo foni sayankha, kumudzi safika.

Ndinakwera Sienta yopita kumphambano ya msewu waukulu, K5,000. Kagalimoto kameneka anakapangira banja limodzi, koma ife tinalowamo mudzi wonse, kuphatikizapo thumba la makala ndi mayi wina wokhala ndi atambala awiri pamiyendo. Ine ndinapatsidwa theka la mpando wakutsogolo, bondo langa likuthandiza dalaivala kusintha magiya. Tisanafike n'komwe pa Bilira, dalaivalayo anayamba yekha nkhani.

"Madala, mwamva zimene achita a Mphenzi? Ataya Chitseko. Ine basi, mpira ndasiya."

Sindinadziulule. Ndinangoti, "Ndamva."

"Munthu uja anagwira mapenate awiri tsiku limodzi ine ndikuona ndi maso angawa. Tinamunyamula pamapewa kuchokera pabwalo mpaka kumsika. Lero akuti wakalamba. Iwowo akomitiwo sakalamba?"

Mtima wanga unakhalako pansi pang'ono. Ndinangodandaula kuti polankhulapo ankasiya chiwongolero n'kumaonetsa ndi manja onse awiri mmene Fanuwelo anaulukira, pamene msewu wathu uja maenje ake ndi oti mbuzi n'kubisalamo.

Pamphambano ndinasintha, ndinakwera minibasi ya ku Ntcheu, K4,000, dzuwa litayamba kuluma pakhosi. Mmenemo ndi mmene ndinakumana ndi mdani wanga wa tsikulo. Anali bambo wachinyamata wovala jezi ya Mphenzi yatsopano, foni ili m'manja, mawu ake okwanira minibasi yonse. Kondakitala anamutchula kuti aGifiti, ndipo zinkaoneka kuti amadziwika pamsewu umenewu ngati katswiri wa nkhani za mpira.

"Akomiti achita bwino, achedwa nazo n'kale," anatero aGifiti. "Tsabola wakale sawawa. Munthu akamadumpha, mpira uli kale muukonde. Chaka chino watimwetsa zigoli zingati? Bondo lija linatha. Timu si nyumba yosungira okalamba."

Wina kumbuyo anayankha kuti zigolizo n'za otchinga kumbuyo amene amangoima ngati mitengo ya magetsi. Winanso anati vuto ndi mphunzitsi. Kondakitala anati vuto ndi mankhwala a timu ya adani. Aliyense m'minibasimo anali mphunzitsi wa mpira, kupatula mwana amene ankayamwa.

Ine ndinadziletsa mpaka pa Nsipe. Pamenepo minibasi inaima kudikira anthu, ndipo ogulitsa anatizinga ndi tomato, kabichi, nthochi ndi chimanga chootcha, mabeseni akugunda mawindo. Ndinatsika kukagula tchipisi cha pachiwaya cha K1,500, chothira tsabola wambiri, poganiza kuti pakamwa pakatanganidwa sindilankhula. Koma aGifiti anabwera pachiwaya pomwepo, akupitiriza ulaliki wawo kwa wokazinga tchipisi.

"Akanakhala wanzeru akanachoka yekha. Wadikira mpaka amukankhe. Manyazi amenewo wawafuna yekha."

Apo ndiye zinandikwana.

"Achimwene," ndinatero, "munthu amene mukumutafunayo ndi mwana wa mlongo wanga."

Anandiyang'ana kuyambira jekete mpaka nsapato. "Pepani madala, koma chilungamo chimawawa. Wakalamba."

"Ndani wakana kuti wakalamba? Bondo lakelo ndimalidziwa kuposa inu, ndine ndinkamuthowa ndi madzi otentha atalithyola pofuna kuti inu mukavine kumsika. Sindikupita ku Boma kukapempha kuti amubwezere pagolo. Ndikufunsa kuti, munthu amene munamutenga pakhomo pa mayi ake, mumamuchotsa pa wailesi?"

"Mpira wa masiku ano ndi bizinesi, madala. Kulikonse amalengeza choncho."

"Kulikonseko n'kuti? Bambo anga anagwira ntchito ku migodi ku Joni, kwa azungu ankhanza osadziwa ngakhale dzina lawo. Koma ntchito itatha anawaitana, anawauza pamaso, nawakweza sitima. Inu anthu akwathu, olankhula chilankhulo chimodzi, mwalephera zimene anatha mzungu wa pamgodi?"

Mawu anga anakwera mpaka anthu anasonkhana. Mayi wina wogulitsa mbatata ya kachewere m'ndowa, amene ankamvetsera atagwira m'chiuno, analowererapo. "Abambo awa akunena zoona. Kwathu kumtunda, ng'ombe yapangolo ikakalamba, mwiniwake amaimasula goli ndi manja ake. Satuma munthu wodutsa." Ena anawomba m'manja, ena anati mayi asalowerere za mpira. AGifiti anangoseka, nati, "Ndiye mukawauze akomitiwo za ng'ombezo, tione ngati zingagoletse chigoli."

Kuchokera pa Nsipe mpaka pa Boma sitinalankhulanenso. Tchipisi chija ndinachidya chozizira, osachimva kukoma.

Tinafika pa Ntcheu chakumasana, kamphepo ka kumapiri kakuwomba, moti jekete lija linayamba kugwira ntchito yake. Wakabaza ananditengera kubwalo kumene timu imachitira zokonzekera, K1,000. Anyamata anali pakati pothamanga, ndipo pagolo panaima kamnyamata kotalika ngati nsungwi. Sindinakade, si ndiko kanalakwa. Ndinafunsa za wapampando wa komiti, anandilozera bambo wina wonenepa bwino, mwini sitolo ya zipangizo zomangira, atatsamira galimoto, mafoni awiri m'manja.

Ndinapereka moni mwaulemu wonse. Ndinadzitchula dzina, ndinatchula mudzi, ndinafotokoza za mphasa ija ndi lonjezo lija. Ankamvetsera ndi khutu limodzi, chala chikuyenda pafoni.

"Madala, ndakumvani," anatero. "Koma anthu amene mukuwanenawo kulibe. Mmodzi anamwalira, wina ali ku Joni, mphunzitsi uja anadwala sitiroko. Ife Chitseko sitinamutenge. Tinamupeza."

"Munamupeza? Ngati khasu loiwalika m'munda?"

"Musatero madala. Timamulemekeza kwambiri. Ligi ikatha tikuganiza zomukonzera masewero otsanzikana, zinthu zikalola."

"Sindinabwerere masewero. Ndabwera kudzapempha munthu mmodzi. Mmodzi yekha wa komiti yanu, akwere nafe lero, akakhale pakhonde la mayi ake, akanene kuti, mwana wanu uja ndi uyu, watigwirira ntchito, zikomo. Thiransipoti ndilipira ine. Mawa m'mawa akhala atabwerako."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akulankhula ndi wodwala mutu. "Loweruka tili ndi masewero akulu. Palibe amene angachoke. Komanso zimenezo n'zakumudzi, madala. Tikayamba kuperekeza wosewera aliyense kwa amayi ake, timu tiyendetsa nthawi yanji?"

Zakumudzi! Pomufuna, zakumudzi zinali zabwino. Povula zipewa ndi kumwa thobwa la mlongo wanga, zakumudzi zinali zabwino. Ndinamuuza zimenezo mokweza, ndipo ndinawonjezera zina zimene sindingalembe pano poti ndine mkulu wa mpingo. Ndinamuuza kuti mpando wakhalapowo unali ndi eni ake, ndipo wolowa nyumba ya malemu amalowa ndi malonjezo ake omwe. Ndinamuuza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anyamata analeka kuthamanga n'kumationerera. Wapampandoyo anaika foni kukhutu, ngakhale sindinaimve ikulira, nalowa m'galimoto n'kukweza galasi.

Ndinaima pamenepo ndekha, fumbi la galimoto yake likundilowa m'kamwa. Palibe wosewera ngakhale mmodzi amene anayandikira. Mluzu unalira, onse anabwerera ku mpira wawo.

Fanuwelo ndinakamupeza kunyumba imene amachita lendi kuseri kwa msika. Dzuwa lili pamutu, iye anali m'nyumba, makatani otseka. Mkazi wake anali ku ntchito, ana ali kusukulu. Atandiona anadzuka movutikira, nagwada ndi bondo labwinolo.

"Malume, mwadzivutitsiranji?"

"Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinakupereka ndine."

Patebulo panali jezi ndi magolovesi a timu, zochapa bwino, zopindidwa. Anaona kuti ndaziyang'ana.

"Ndimati mwina akomiti abwera kudzatenga katundu wawo, ndiye tionana pamaso," anatero. "Palibe wabwera, malume. Ngakhale magolovesi awo sakuwafuna."

Sanadandaule za kuchotsedwa. Anati bondolo limamuuza lokha usiku uliwonse kuti nthawi yakwana. Chimene chinkamutsekera m'nyumba n'choti akatuluka, aliyense amamufunsa kuti zinakhala bwanji, ndipo iye alibe yankho, poti naye anangomva pa wailesi ngati wina aliyense. Ndinamuuza zimene ndinakumana nazo kubwalo, osabisa kanthu. Kenako anandifunsa:

"Ndiye amayi ndikawauza chiyani?"

"Ukawauza moni. Zinazo ndikanena ine. Tenga chikwama."

Ulendo wobwerera sindiukumbuka bwino. Fanuwelo anavala chipewa chophimba nkhope, nakhala pakona kumbuyo. Pa Nsipe mkangano unali womwewo, anthu ena, mawu omwewo, wina akuti wakalamba, wina akuti akadali ndi mphamvu, osadziwa kuti mwini nkhani wakhala kumbuyo kwawo, maso ali pawindo. Ulendo uno sindinatsegule pakamwa. Mkwiyo unalipo, koma mawu anali atandithera.

Tinatsika pa Sharpevale dzuwa litapendeka, tinayenda wapansi kulowera kumudzi, ine patsogolo, iye akutsimphina pambuyo. Titakhota pa mtengo wa bwemba ndinaona pakhomo pa mlongo wanga. Pabwalo panali posesedwa mpaka kumsewu. Pansi pa mtengo wa mango aNangozo anali atandandalika mipando ya pulasitiki yobwereka kutchalitchi, poti anamva kuti akuluakulu a masiku ano sakhala pamphasa. Ndowa ya thobwa inali pambali yovundikira ndi nsalu yoyera, ndipo fungo la nkhuku linkamveka kuchokera kukhitchini. Iwo anali atavala chitenje chawo cha pa Khirisimasi.

Anatilonjera, anamugwira mwana wawo kumaso ndi manja onse awiri. Kenako anasuzumira kumbuyo kwathu, kunjira.

"Achimwene, alendowo ali m'mbuyo?"

Ndayenda maulendo ambiri pa moyo wanga, koma sindinasenzepo katundu wolemera ngati yankho la funso limenelo. Chimene ndaphunzira n'chakuti mwana sapatsidwa kwa komiti. Komiti imasintha ngati malaya, ndipo amene amatsala ndi lonjezo ndi iwe wopereka. Masapota adzakangana za bondo lake mpaka ligi ithe, kenako adzapeza wina womukangana. Ine mkwiyo wanga sunathe, ndipo sindikufuna kuti uthe.

Ndinavula chipewa, ndinakhala pansi pafumbi patsogolo pa mlongo wanga, n'kunena ndekha mawu amene anayenera kunena eni ake: "Mwana wanu uja ndi uyu. Wagwira ntchito. Zikomo."

ANangozo anawomba m'manja kamodzi, mofooka, nalowa m'nyumba. Fanuwelo anaika chikwama pakhonde, anasanjikiza mipando ija umodzi pamwamba pa unzake, naisenza pamutu, n'kuyamba kutsimphina kulowera kutchalitchi kukabweza.