Dalaivala amene anathamangitsa uchema wanga ku Ngara

Makwacha asanu ndi atatu, anzanga. Theka la malipiro anga a ku depoti ya mpunga. Ndinalipira kuti ndikamwetse mlendo uchema wozuna ku Ngara, ndakamumwetsa viniga, ndipo mwina mkazi ndataya. Amene wandichita zimenezi mumawadziwa nonse: a Mwalusako, oyendetsa galimoto ya buluu ija ya mwini sitolo ya nsalu pano pa boma.

Khalani pansi mumve.

Rozi mukumudziwa, namwino wa ku Chikwawa uja ndakhala ndikumudwalira malungo abodza chaka chathunthu. Sabata yatha kunabwera malume ake, a Bizeki, kudzaona ngati mnyamata akumunenayo ndi munthu kapena ndi chiyani. Kwawoko mawu a malume ndiwo amamanga banja. Akati ayi, basi yatha. Rozi anandinong'oneza kuti mkuluyu za mpira alibe nazo ntchito, nyama amadya mwaulesi, koma uchema ndiye amaukonda kuposa abale ake.

Ndiye pakamwa panga mupadziwa. Ndinawauza kuti uchema wa ku Chikwawa ndi madzi otsukira mbale. Weniweni uli ku Ngara, woti ntchentche ikangonunkhiza imayamba kulankhula Chingerezi. Anangondiyang'ana n'kuti, "Tikalawe, mnyamata."

Ndinakonza ulendowu ngati ukwati. Ndinapalasa njinga mpaka ku Ngara kukapangana ndi Lusekelo, mnyamata amene amakwera migwalangwa kugema uchema. Tinamvana kuti Loweruka m'bandakucha atsitsa zipanda ziwiri, azitsekera m'nyumba, kiyi asiyira mkazi wake, iye azipita panyanja. Inu osamwa dziwani ichi: uchema umazuna m'mawa. Dzuwa likakwera umayamba kusasa, likafika pamutu ndiye mankhwala ophera nsikidzi. Tinayenera kufika naini koloko isanakwane.

Tsitsi ndinameta. Buluku ndinabwereka la miyendo yopapatiza, la anthu aulemu. Khadi la chipani m'thumba la shati. Kenako kwa a Mwalusako. Ndinawauza momveka bwino, m'Chichewa, ndinabwerezanso m'Chitumbuka: Loweruka, faifi koloko m'mawa, kwa Lusekelo wa uchema ku Ngara. Anandiyang'ana ine, anayang'ana ndalama, n'kuthokoza m'Chinkhonde kuti, "Ndaga, mwana wanga. Ndikudziwako."

Ndikudziwako. Mawu amenewo muwasunge, tiwafuna kutsogoloku.

Anafika seveni koloko itadutsa. Chifukwa? Akuti amapukuta galimoto, mlendo wolemekezeka sangakwere ya fumbi. Yopukutayo inakhala yoyera mpaka pa kona ya msika.

Liwiro lake ndisanene. Mayi wina wosenza nthochi anatipitirira. Tinamupezanso kutsogolo atagulitsa nthochizo, akubwerera kwawo. Ndikati, "Adada, pondaniko pang'ono," ankayankha kuti, "Pole pole, tisathamange, galimoto ya eni ake." Kodi ine ndinabwereka galimoto kapena fulu wopaka utoto?

Pa Lupembe anyamata a chipani anatiimitsa kuti aone makhadi. Apa sindikudandaula, aliyense amve bwino, ndi ntchito yabwino kwambiri, ipitirire. Ndikudandaula kuti dalaivala wolipidwa khadi lake amalisunga pansi pa mpando wakumbuyo, litakulungidwa m'nsalu zitatu ngati mchombo wa mwana. Malume a Rozi anachita kutsika, kuima padzuwa ndi jekete lawo, mpando ukuzulidwa.

Komabe tinayandikira Ngara nthawi idakalipo pang'ono. Migwalangwa ikuoneka. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Pamenepo a Mwalusako anayamba kuliza hutala.

Mumsewu munalibe ng'ombe. Munalibe njinga. Ngakhale nkhuku. Koma hutala piii, piii, osalekeza, mpaka ndikhulupirira ku Tanzania anaima njo kuganiza kuti ndi sitima. A Bizeki anafunsa kuti akuliziranji. Ine ndinaganiza msanga. Ndinati ndi ulemu wa kuno, akulengeza kuti kwafika munthu wamkulu. Mkulu uja anakonza kolala, n'kukhala bwino pampando.

Titatulukira pabwalo pa Lusekelo, tinangoona mayi akubwanthuka kuseri kwa nyumba, mwana kumbuyo, chitenje kumutu mpaka kumaso, liwiro la mtondo wadooka kulowa m'munda wa chinangwa. Phazi silinkagunda pansi. Nkhuku zinabalalika, mtondo unagwa.

A Bizeki anati, "Nawonso ndi ulemu wa kuno?"

Ndinatembenukira kwa dalaivala. Anali atazimitsa injini, chipewa atachitsitsira pamphuno, akuyang'ana maondo ake ngati ali m'pemphero.

"Adada, mayi uja wathawa chiyani?"

"Wathawa ine."

"Munamulakwira chiyani?"

"Palibe. Ndi mkamwana wanga. Lusekelo ndi mwana wanga woyamba."

Anzanga, ine ndine wa konkuno. Mwambo wa Ankhonde ndimaudziwa: mkazi wa mwana wako sakuona nkhope, iwenso sumuona, mukakumana panjira amalowa patchire. Sindikunyoza mwambo. Ndikunyoza munthu amene analandira ndalama zanga akudziwa kuti akundiperekeza kunyumba imodzi yokha m'boma lonse la Karonga kumene galimoto yake ikafika wogulitsa amathawa. Nditawafunsa kuti bwanji simunandiuze, mukudziwa anati chiyani?

"Unandifunsa?"

Eti ndinawafunsa? Ndiye kuti pobwereka galimoto tiziyamba tafunsa dalaivala mtundu wake wonse, ana, azipongozi, ndi amene anakwatira kwa yani?

Chitseko chinali ndi loko. Kiyi anali pa mfundo ya chitenje, chitenje chili m'chinangwa. Ndikaika mphuno pa mng'alu wa chitseko ndinkamva kafungo ka uchema kakundiitana ndi dzina.

Ndinati chabwino, adada, tsikani mupite kunyanja mukaone mabwato, mayiyu atuluke. Akuti galimoto ya eni ake saisiya yokha. Ndinati ndiye pitani nayo, mutidikire kumsewu. Akuti petulo anawayezera wopita ndi wobwerera, wa kumsewu mulibemo. Ndinati vundikirani thumba kumutu. Akuti iwo ndi mkulu wa mpingo, si mbuzi yopita kumsika.

Ndinalowa m'chinangwa ndi buluku lobwereka lija, ndikufuula kuti mama, ndine uja wa zipanda ziwiri. Mawu anachokera pansi pa masamba kuti galimoto ya atate ikadali pabwalo satuluka. Ndinati ndiye ponyani kiyi. Akuti kiyi wa nyumba yogona sapatsa mwamuna wachilendo, amuna awo akabwera adzawauza chiyani. Kunena zoona mayiyu yekha ndiye analankhula zanzeru tsiku limenelo.

Kunatsala njira imodzi: kukankha.

Ndinakankha galimoto, anzanga. Mumchenga wa ku Ngara. Ndekha. A Mwalusako ali pa chiwongolero, chipewa pamphuno. A Bizeki atasamukira mpando wakutsogolo chifukwa akuti kumbuyo sankamva bwino nkhani. Ine amene ndinalipira kuti andinyamule ndinanyamula galimoto, dalaivala ndi mlendo yemwe. Ndikukankha ndikumva akucheza pawindo.

"Ndiye chikwatiwireni sanakuonenipo nkhope?"

"Ngakhale tsiku limodzi. Tikakumana kumsika sangandidziwe, amadziwa hutala yokha."

"Koma ndiye ulemu. Kwathu mpongozi wa masiku ano amakupempha fodya. Ana muli nawo angati, achimwene?"

Achimwene. Ine chifikireni anali asananditchulepo ngakhale dzina.

"Anayi. Wotsiriza ndi mphunzitsi ku Kaporo. Samwa, sasuta. Sanakwatire."

Apo ndinaterereka n'kudya mchenga.

Ndinaikankhira kuseri kwa chulu. Ndinabwerera m'chinangwa. Mayi uja akuti denga la galimoto likuonekabe. Ndinakankhanso mpaka kuseri kwa bango. Buluku la eni linang'ambika malo amene sindingatchule. Thukuta limene ndinataya pamenepo asodzi akuti nyanja inakwera.

Mayi uja anatuluka wani koloko itadutsa. Anatigwadira bwinobwino, kutipatsa moni ngati palibe chachitika, n'kutsegula chitseko. Zipanda zinali zitafufuma thovu mpaka pansi. Fungo lake buluzi anagwa kuchoka padenga.

Ndinathira m'chikho. A Bizeki, amene ndinachita kukawatenga kubango kuja akukana kusiya nkhani, analandira, ananunkhiza, anamwa kamodzi. Nkhope inakwinyika kuyambira pachipumi mpaka m'khosi. Diso limodzi linatsekeka lokha. Anameza mwaulemu, anaika chikho pansi, n'kuti:

"Mnyamata, ntchentche ija inkalankhula Chingerezi, inkatukwana eti?"

Ndinayesa kufotokoza za dzuwa. Anakweza dzanja. Akuti iwo anayamba kumwa uchema amayi anga asanabadwe, za dzuwa akuzidziwa, koma mwamuna amene sangathe kukonza ulendo wa tsiku limodzi angakonze bwanji wa moyo wonse. Pobwerera ine ndinakhala kumbuyo ndekha ngati thumba la makala. Kutsogolo kunali kuseka kokhakokha, kuphunzitsana moni wa Chinkhonde. Ndipo imvani izi: pobwerera galimoto inathamanga. Petulo woyeza uja anakwananso kukhotera kunyumba kwa a Mwalusako kuti mlendo akaone chithunzi cha mphunzitsi.

Lolemba ndinapita kwa mwini sitolo kukafuna ndalama zanga. Sanasiye n'komwe kuyeza nsalu. Akuti galimoto inapita? Inapita. Inabwerako? Inabwerako. Ndiye vuto lili pati? Ndinati theka la ulendo injini ndinali ine. Akuti ndiye ndithokoze kuti sanandilipiritse kuphunzira ntchito.

A Bizeki anakwera basi Lachiwiri. Anandigwira dzanja ndi nsonga za zala. Ndinafunsa Rozi kuti malume asiya mawu otani. Akuti akaganiza. Akaganiza chiyani, poti ku Chikwawa n'kutali ndipo ine ndili pompano?

Tsono inu nonse amene mukufuna kutengera mlendo kunyanja, kaya ku Ngara kaya kwina, ndikuchenjezeni. Musanapereke ngakhale tambala kwa dalaivala wa pano, mufunseni ana ake aamuna anakwatira kuti. Ajambule pansi ndi kamtengo, mudzi ndi mudzi. Mufunsenso ngati ali ndi wina wosakwatira. Akati alipo, kwerani njinga.

Ine ndalama zija ndazisiya. Buluku ndilipira. Chimene ndikufuna ndi yankho pa zimene zachitika dzulo.

Dzulo madzulo ndikumuperekeza Rozi kuchokera kuntchito, tafika pa mtengo wa mango uli pafupi ndi msika. Kutsogolo kukubwera galimoto ya buluu. Mumsewu mulibe ng'ombe, mulibe njinga. Ndinangomva piii, piii. Kuyang'ana, a Mwalusako atsitsira chipewa pamphuno, nkhope atembenuzira kumbali, galimoto ikuyenda yokha mpaka pang'ono kugunda wogulitsa mtedza.

Ndinati ndimuuze Rozi kuti taona misala ya mkuluyu. Rozi palibe. Ndinamupeza kuseri kwa mango, mpango kumaso. Akuti amathawa fumbi.

Dzulo kunagwa mvula tsiku lonse.

A Mwalusako, ndikudziwa wina akuwerengerani izi. Nthawi ino ndikufunsa, musadzanene kuti sindinafunse: hutala ya dzulo ija munkaimbira ndani?