Kalongonda wa Madzi Achiwiri

Ndikukumbukira bwinobwino, ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene mvula inathawa, cha njala yaikulu ija. Adzukulu amandiseka kuti ndimaiwala katatu pa tsiku pomwe ndaika foni, koma za chaka chimenecho sindiiwala ngakhale kamodzi. Ndayamba kulemba izi chifukwa azimayi a mpingo wathu atsegula gulupu pa foni, akuti tiyambitse bungwe lophikira ana ovutika ndi njala kuno kwathu, ndiye mauthenga akungogwa tsiku lonse, tiyambe mawa, ayi tiyambe lero. Ine ndati yambani ndithu, koma mumve kaye za kalongonda wa amayi anga.

Tinkakhala pa malaini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Malaini ndi tinyumba ta antchito tija tondandalikana ngati mano. Bambo ankadulira tiyi, amayi ankathyola. Wogwira ntchito ankalandira phoso Loweruka, kaufa, tinyemba ndi kamchere, ndipo ife ana tinkakhalira moyo pomwepo. Koma wosalembedwa ntchito analibe chake. Ndiye anthu a m'midzi anayamba kubwera, ena ochokera kutali kuchigwa, atakwera mapiri onse aja ndi miyendo yotupa. Ankangokhala m'mphepete mwa munda wa tiyi, phee, osapempha n'komwe. Ine ndi maso angawa ndinaona mwana akutafuna masamba a tiyi, malovu obiriwira akutsika pachibwano.

Lamulo la esiteti linali lakuti phoso ndi la antchito basi. Ukapezeka ukugawira mlendo, kapitao ankakukwapula ndi chikoti cha chikopa cha mvuu, mawa lake mzungu n'kukufufuta m'buku. Anthu ankadya atatseka zitseko.

Amayi anga sanali munthu wolankhulalankhula ngati ine, ine ndinatengera bambo. Tsiku lina anangotenga lichero n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo pa malaini. Mawu awo anali amodzimodzi paliponse: "Phoso ndi la mzungu. Nanga kalongonda ndi wa mzungu?"

Ife Alhomwe kalongonda timadzala kuseri kwa nyumba, amangoyanga m'mitengo, ndipo azungu sankamuwerengera ngati mbewu. Mayi aliyense anali naye wouma mumphika kapena m'chiguduli, wa chaka chatha. Wina anathira manja awiri, wina mbale yonse, wina anatukwana kaye kenako n'kuthira. Mayi wina anapereka mgolo wodula pakati umene mwamuna wake anatola kufakitale. Anauika pamafuwa pansi pa mkuyu, pafupi ndi mtsinje, kunja pang'ono kwa malire a esiteti. Anagwirizana kuti tsiku lililonse mayi mmodzi azitsala pamgolo, anzake azimuthyolera tiyi n'kukayezetsa m'dzina lake kuti tikiti yake ilembedwe. Bungwe lathu linali limenelo. Linalibe dzina, linalibe wapampando, koma linkadyetsa anthu.

Tsono inu amene simumudziwa kalongonda, mverani. Ndi nyemba zikuluzikulu, zokoma, zokhalitsa m'mimba, koma ali ndi ululu. Umawiritsa, madzi amada bii, umataya. Umasenda makoko, umawiritsanso, umatayanso. Amayi anga ankataya kasanu, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa litapendeka. Ukamudya msanga mutu umazungulira, munthu wamkulu amabwebweta ngati wamisala, mwana wofooka amatha kupitiratu. Ife tinkazidziwa izi chibadwire. Anthu a kuchigwa aja sankazidziwa.

Ndiye taganizani. Munthu sanadye masiku anayi, wakhala pansi kuyambira m'mawa akuyang'ana mgolo ukubwata, fungo likumulowa m'mphuno, kenako akuona mayi wophika akupendeketsa mgolo n'kutaya madzi pansi. Ankalira! "Mukutaya msuzi! Anthu inu mulibe Mulungu?" Ena ankakwawa kuti anyambite dothi lonyowalo. Amayi ankaima ndi nsungwi, ndipo ankamenya. Sindikubisa, ankamenyadi, m'manja, m'mapewa, nkhalamba ndi ana omwe. Ine ndinkaona ngati amayi asanduka kapitao. Mumtima ndinkati munthu ungaitane anthu kuti adye kenako n'kumawakwapula?

Tsiku limene ndikunenali inali nthawi ya amayi kutsala pamgolo. Atataya madzi oyamba n'kusenda, anathira achiwiri, n'kunyamula mtsuko kupita kumtsinje. Mtsinjewo unali utaphwa, madzi ankachita kufukula mumchenga n'kudikira kuti asefuke, ndiye ankachedwa. Anandipatsa nsungwi ija.

"Esimi, sonkhezera moto. Wina akayandikira, menya. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Atangotsika, anandiyandikira mayi wina wa kuchigwa amene anthu ankamutchula make Fulaye. Mwamuna wake anachoka kuti akukafuna chakudya, osabweranso. Fulayeyo anali wa zaka ngati zinayi, tsitsi lofiira, mapazi otupa onyezimira. Sankalira mokweza, ankangotulutsa kaphokoso ngati kamwana ka mphaka, osaleka, osaleka, kuyambira m'mawa.

"Mwanawe," anatero make Fulaye, "tandipatsako ziwiri zokha. Osati ine, uyu."

"Amayi ati mpaka madzi achisanu."

"Madzi achisanu amupeza uyu? Tamuyang'ana. Ayi, usayang'ane moto, yang'ana iyeyu."

Ndinamuyang'ana. Kenako ndinavuula nyemba imodzi n'kuifinya ndi zala, inali yofewa ndithu. Ndinadziuza kuti mwina amayi amangowonjeza, mwina kasanu kaja ndi mwambo chabe wa anthu akale. Ndinatunga chipande chodzadza n'kukhuthulira pansalu ya mayi uja. Iye sanadyeko ngakhale imodzi. Ankauzira, n'kuphwanya ndi zala, n'kumuika mwana mkamwa, mpaka zonse zinatha. Kaphokoso kaja kanasiya. Eee, ndinamva bwino mumtima! Ndinadziona ngati ndine munthu wabwino kuposa amayi anga.

Amayi anabwera, anataya madzi achiwiri, achitatu. Za chipande chija sindinawauze. Dzuwa litangodutsa pamutu, Fulaye anayamba kuseka. Mwana amene samatha kudzutsa mutu, kuseka kwambiri, akugwiragwira m'mwamba ngati akuthyola zinthu zimene ife sitinkaziona. Kenako khosi linapotokera kumbuyo, maso anatembenuka kutsala oyera okhaokha, thovu kukamwa.

Make Fulaye anakuwa mfuu imene mpaka lero ndimaimva. "Atipatsa chiphe! Anguru atiitanira kudzatipha!" Anguru ndi dzina lonyoza limene ankatitchula nalo ife Alhomwe.

Amayi anathamanga, n'kumununkhiza mwana mkamwa. Anatembenuka n'kundiyang'ana kamodzi kokha. Anamulanda mwanayo, anamugoneka chafufumimba pabondo lawo, mutu pansi, n'kumulowetsa zala ziwiri kukhosi.

Tsono make Fulaye anaona chiyani? Anaona mlendo akumutsamwitsa mwana wake. Anazula chikuni chamoto pansi pa mgolo n'kuwamenya nacho amayi pamsana. Phaa! Makala anamwazika, bulauzi inayamba kufuka. Anamenyanso. Amayi anangowerama n'kumuphimba mwana ndi thupi lawo, zala zili kukhosi, osazichotsa. Mwanayo anawaluma mpaka magazi kutsika m'dzanja, iwo osazichotsa. Anthu ena anadzuka, anthu amene tinkati sangathe kuima, wina ndi mwala, wina ndi ndodo yake yoyendera. Mwala wina unawapeza amayi pakhutu. Ine nsungwi ili m'manja, mkodzo ukutsika.

Ena sanalabadire za ndewuyo, anathamangira kumgolo. Ankapisa manja m'madzi obwata, khungu likusupuka, n'kumaponya nyemba mkamwa. Amayi ali pansi pa ndodo anakuwa, "Mgolo! Aletseni pamgolo!"

Amene anawaletsa ndi munthu amene sitinkamufuna. Phokoso linafika kumunda, kapitao anabwera ndi alonda awiri, chikoti chikulira m'mwamba asanafike n'komwe. Sanafunse. Anakwapula aliyense amene anali pafupi, wakugwa ankamuponda. Alonda anakankha mgolo ndi mtengo, unagubuduka mpaka kuphompho, kalongonda yense wa malaini athu wa tsiku limenelo n'kumwazika m'minga. Anthu anabalalika akukwawa.

Nthawi yomweyo Fulaye anasanza. Anasanza zakuda, zambiri, pamiyendo ya amayi. Amayi anamumwetsa madzi a mumtsuko, n'kumulowetsanso zala, anasanzanso. Make Fulaye chikuni chinali chikadali m'manja, koma anali atasiya kumenya, akungoyang'ana nyemba zosagayika zili pansi.

Kapitao anaima pamutu pa amayi. "Iwe make Esimi, tikiti yako yalembedwa kumunda, iwe uli kuno ukupha anthu? Wamupatsa kalongonda mwanayu ndani?"

"Ndine," anatero amayi.

Chikoti chinatsika pamsana womwe unapsa uja. Koyamba ine chete. Kachiwiri chete. Ndinkaona nsalu ikumatirira pachilonda. Kachitatu m'pamene pakamwa panga panatseguka.

"Ndine! Ndine ndinapereka! Amayi anali kumtsinje!"

Kapitao anandiyang'ana n'kuseka. "Ndiye wabala chitsiru." Anawakwapulanso kawiri, chifukwa chothawa ntchito, n'kumapita.

Amayi sanachoke pansi pa mkuyu paja. Anamufungatira Fulaye akumumwetsa madzi pang'onopang'ono, magazi akuuma pakhosi pawo. Make Fulaye anakhala potero, osayandikira, osathawa. Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, khosi la mwana lija linafewa, maso anabwerera, anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti, "Amama." Amayi anamupereka kwa make n'kunena mawu awiri okha, "Mawa mubwere."

Kunyumba ndinkadikira chibalo changa. Bambo anathyola kale kamtengo. Amayi anati ayi, musiyeni. Anasungunula mchere wa phoso m'madzi ofunda, anagona chafufumimba pamphasa, n'kundipatsa kansanza.

"Tsuka."

Ndinayamba kulira, ndikutsuka ndikuyang'ana kumbali.

"Usatseke maso. Yang'ana pamene ukutsukapo."

Ndinatsuka msana umenewo masiku ambiri, m'mawa ndi madzulo, mpaka zilonda zinauma. Kukwapulidwa kukanandipepukira. Khutu lija silinamvenso mpaka imfa yawo, ukafuna kuwauza kanthu umachita kuzungulira mbali inayo.

Azimayi a pa malaini ambiri anati basi, zatha, tisafere anthu osayamika. Amayi anatuma bambo kukatola mgolo kuphompho, anauwongola ndi mwala, lichero linayendanso. Anapereka ndi ochepa, koma anapereka. Patapita masiku awiri moto unayakanso. Amayi sankatha kudzutsa mkono, ndiye nsungwi anaipereka kwa make Fulaye. Mayi uja ankamenya kuposa amayi! Ankaima patsogolo pa mgolo akukuwa m'kalankhulidwe ka kwawo, "Khalani pansi! Wanga anatsala pang'ono kufa ndi zimenezi! Asanu madzi, werengani nokha!" Ndipo anthu ankawerenga mokweza mgolo ukapendeka, kamodzi, kawiri, mpaka kasanu. Iye ankamumvera chifukwa anali wawo. Fulaye anadya wa madzi achisanu, anakhala moyo, mvula itabwera anatsika ndi make kubwerera kwawo akuyenda yekha.

Sindikunamizani kuti onse anapulumuka. Bambo wina wokalamba anafera pansi pa mkuyu womwewo tikutaya madzi achinayi, mbale ili m'manja. Amayi anamutseka maso, anasamba m'manja, n'kuthira madzi achisanu. Sanafulumize moto ngakhale pang'ono. Ndinawada tsiku limenelo, ndipo ndinakula ndithu ndisanawamvetse.

Zaka zonsezi ndinkati cholakwa changa chinali kusamvera. Pano ndikuona kuti chinali china. Chipande chija sindinatungire Fulaye. Ndinatungira ine mwini, kuti kaphokoso kaja kasiye kundilasa m'makutu, kuti mayi uja asiye kundiyang'ana. Ndinkafuna kupepukidwa msanga, ndipo ndinapepukidwadi, pamene mwana wa eni ake ululu ukumuyenda m'mimba. Amayi ankamva kulira komweko, tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, anthu akuwatukwana kuti ndi mfiti, ndipo ankapirira nako mpaka chakudya chikhale chakudya. Kupatsa n'kosavuta, ngakhale mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amatha. Chovuta ndi kuima pakati pa munthu wanjala ndi mphika wosapsa, iye akukuda, iwe osachoka.