Mfuti Yolondera Manda a Gülizar

Amene amanena kuti chinthu cholimba ndi mdalitso sadakhalepo m'mudzi umene anthu ake akutha. Kumeneko kulimba kwa chitsulo kumasanduka chitonzo, pakuti khasu limatsala mwini munda atapita, ndipo loko amakhalabe nji pa chitseko cha nyumba imene denga lake lidagwa kale. A Battal sadaziganizepo zimenezi kufikira chaka cha chilala, pamene adatsika phiri kukafuna mfuti yoti isadzafe.

Mudzi wawo uli pamwamba m'mapiri a Toros. Achinyamata adatsikira ku Konya ndi ku Antalya, ena adawolokera ku Jeremani, ndipo mwana mmodzi yekhayo wa a Battal ali m'gulu lomalizali. Amaimba lamya pa Idi. Otsala ndi nkhalamba zosakwana kudzaza mzere woyamba mumzikiti. Minda itagonera, nguluwe zidatsika m'nkhalango. Zidayamba ndi chimanga, zidalowa m'mphesa, kenaka zidazolowera kuyenda m'tinjira ta m'mudzi dzuwa likuswa mtengo.

Mkazi wawo, Gülizar, adamwalira m'nyengo ya chisanu atadwala nthawi yaitali. A Battal adabzala maluwa a susen pamtumbira pake monga achitira anthu kumeneko, ndipo m'mawa uliwonse akatuluka mumzikiti ankanyamula zigubu ziwiri za madzi kukwera nazo kumanda. Sikudali kukongoletsa. Chiyambire ubwana adamva kuti chomera chobiriwira chimatamanda Mulungu, ndipo nthawi yonse imene chili chobiriwira, wogona pansi pake amapepukidwa. Gülizar adamva zowawa zokwanira ali ndi moyo. Mwamuna wake sadafune kuti azimvenso kumeneko.

M'mawa wina, chilala chitafika poumitsa ndi akasupe omwe, adapeza nguluwe yaikazi italowetsa mutu mumtumbiramo. Maluwa adali mizu m'mwamba, dothi lili mbwee, ndipo pansi pa dzenjelo pankaoneka nsonga ya thabwa, limodzi mwa matabwa amene amatsamiritsidwa pamwamba pa mtembo kuti dothi lisakhudze nsanda. A Battal adaika zigubu pansi navula mfuti paphewa. Idali yopopa, ija ili ndi chogwirira chamtengo kunsi kwa mpope, chimene munthu akawombera amachikokera kumbuyo nachibwezera kutsogolo kuti chipolopolo china chilowe. Adawombera, koma chipolopolo choyamba chidamenya mwala. Adakoka chogwirira chija, koma chidaima pakati, osapita kumbuyo, osabwerera kutsogolo. Nguluweyo idawayang'ana ikutafuna, nichoka mosafulumira.

Mfutiyo adaigula atangobwera ku usilikali. Idapha mimbulu imene inkawathera mbuzi, idalira pa ukwati wa mwana wawo, ndipo sidawachititsepo manyazi kufikira tsiku limenelo. Adakwirira dzenje lija ndi manja, nathira madzi onse awiri aja, napita kwa Hidayet, mnzawo amene adachitidwa naye mdulidwe tsiku limodzi ali anyamata.

Hidayet adaitembenuza mfuti ija, nagwedeza chogwirira chomwe chinkangoti khwekhwerere.

"Iwe Battal, mfuti iyi ndi mbale wako weniweni. Nonse awiri mano adatha, ndipo mukagwada simudzukanso."

"Ndiperekeze kwa osula mfuti mawa."

"Ukagule ina? Pa msinkhu umenewu munthu amagula nsanda, osati mfuti."

"Nguluwe idafika pa thabwa la Gülizar, Hidayet."

Hidayet adaleka kuseka. Adabweza mfuti ija nati adzawadikira pa minibasi.

Tauni ya osula mfuti ili kufupi ndi Beyşehir, ndipo kumeneko khomo lililonse limanunkha mafuta a makina. Adalowa mwa Nurettin Usta, bambo wamimba wa zaka za mwana wa a Battal, amene sadalole mawu aliwonse a malonda tiyi asadafike m'timatambula. Atamwa, adamasula mfuti yakale ija nayala ziwalo zake pa nsalu.

"Malume, iyi yamwalira. Chatsala n'kuisambitsa ndi kuiika."

"Simungaikonze?"

"Ndingathe, koma ndikhala ndikukuberani. Onani zitsulo zotsetserekazi, zadyeka ngati supuni ya masiye. Ndikasintha ichi, mawa chithyoka icho."

"Ndiye ndipatseni yolimba. Yoti isadzandiime pakhosi."

Nurettin adatsitsa zitatu pakhoma. Yoyamba idali yakuda, ya pulasitiki, yodzipopa yokha: munthu amangowombera, iyo n'kumadzilowetsera zipolopolo.

"Iyi amaikonda anyamata a m'tauni. Imathamanga, koma ndi ya matama. Ikangolawa fumbi imanyanyala."

"Ngati mkazi wachiwiri," adatero Hidayet.

"Iweyo ukudziwa bwanji, woyambayo adakulekerera mwachifundo?" adayankha a Battal maso ali pa mfuti.

Yachiwiri idali yopopa ngati yakale ija, ndipo dzanja la a Battal lidapita lokha pa chogwirira. Adakoka, nabweza, ndipo phokoso lake lidali lomwelo la unyamata wawo. Mtima udafuna imeneyo. Koma adakumbuka chogwirira chitaima pakati ndi nguluwe ikutafuna, naiika pansi.

"Chinthu chimafera pamene chimayendapo, malume," adatero Nurettin akutola yachitatu. Idali ya mipope iwiri, yothyola pakati, ya mtengo wakuda wolemera. "Iyi ilibe choti chiyende. Mwathyola, mwaika ziwiri, mwatseka. Mvula, fumbi, chisanu, yonse ndi imodzi kwa iyo. Choipa chake n'chakuti ndi ziwiri zokha. Mukaphonya kawiri, muyambe kupemphera."

"Ikhala zaka zingati?"

"Adzukulu anu adzawombera pa ukwati wa ana awo."

Adzukulu a a Battal sadziwa ngakhale njira yokwerera kumudzi. Hidayet adayang'ana m'tambula yake yopanda kanthu.

"Kulungani imeneyo," adatero a Battal.

Pano wina akhoza kunena kuti adasankha mopusa, kuti nkhalamba yonjenjemera manja imafunika zipolopolo zambiri osati zochepa. Ameneyo sadamvetse chimene a Battal ankagula. Sankagula kuchuluka kwa zipolopolo; ankagula chitsimikizo chakuti akadzaimanso pakati pa nyama yodetsedwa ndi mkazi wawo, chitsulo sichidzawakana. Ndipo sichidawakane. Patangopita masiku ochepa adapeza chinguluwe chachimuna, cha mano otuluka kunja, chikuyamba kumene kufukula. Adatsamiritsa mpope pa khoma la manda, nawombera kamodzi. Chidagwera pomwepo, pambali pa mtumbira.

Vuto lidayambira apo. Nguluwe yakufa singagone m'manda, ndipo m'mudzi monsemo mudalibe wofuna kuikhudza. Amene adabwera ndi Hidayet yekha, ndi bulu wake ndi chingwe. Adakola mwendo wa nyamayo ndi ndodo kuti manja asaikhudze, bulu adakana, iwo adamukalipira, mpaka adaigwetsera kuphompho. Pobwerera adakhala pa khoma akupuma wefuwefu. A Battal adali okondwa kwa nthawi yoyamba chiyambire maliro.

"Zibwere zonse," adatero akusisita mfuti ija. "Iyi ndiye mfuti."

Hidayet ankayang'ana manda onsewo, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi.

"Battal, tayang'ana kwa mkazi wanga uko."

"Ndione chiyani? Pali minga yokhayokha. Uyenera kuchita manyazi."

"Manyazi ndimachita. Koma pafukulidwa?"

A Battal adayang'ana. Mtumbira wa mkazi wa Hidayet udali wouma gwa, wong'aluka, koma wosakhudzidwa. Chimodzimodzi wa mlongo wake, chimodzimodzi ya onse amene ana awo ali ku Jeremani. M'manda monsemo dothi lofukulidwa lidali pamalo amodzi.

"Phiri lonseli lauma ngati fupa," adatero Hidayet mwapansipansi. "Nyongolotsi ndi mbozi zatsala pamalo amodzi okha, pamene iwe umathira madzi. Nguluwe sizikufuna Gülizar, m'bale wanga. Zikutsata zigubu zako."

A Battal adatsutsa, pakuti munthu savomera zotere tsiku lomwelo. Adati nguluwe ndi nyama ya Satana, imadziwa pamene pagona munthu wabwino. Hidayet adati ngati zili choncho ndiye kuti mkazi wake adali mfiti, ndipo sadakanganenso.

M'mawa mwake a Battal adakwera kumanda opanda zigubu. Adachita chimodzimodzi tsiku lotsatira, ndi linzake. Dothi lidauma, ndipo palibe nguluwe idabwera. Mapazi a nyamazo ankalambalala khoma kupita kwina. Mfuti yatsopano ija idangokhala pamiyendo pawo yopanda ntchito. Koma masamba a susen adayamba kufota kunsonga, kenaka adagona pansi, achikasu. A Battal ankawayang'ana ndi kumva ngati akumvanso kubuula kuja kwa m'nyengo ya chisanu, pamene ankakhala pambali pa mphasa osatha kuchitapo kanthu. Tsopano chochita chidalipo, ndipo chidali m'zigubu ziwiri kuseri kwa chitseko.

Akathira madzi, nguluwe zibwera ku thupi la Gülizar. Akapanda kuthira, zobiriwira zifa, ndipo amene ali pansiyo atsala yekha ndi zimene zili kumeneko. Imamu wa m'mudzi woyandikana nawo adawauza kuti pemphero limafika ngakhale popanda maluwa. A Battal adavomera mwaulemu, nabwerera kwawo osakhutira. Pemphero sankaliona likufika. Tsamba lobiriwira ankaliona.

Lachisanu lotsatira Hidayet adawapeza akukwera phiri, chigubu dzanja ili, chigubu dzanja ilo, mfuti ili pamsana.

"Wayambiranso?"

"Ndayambiranso."

"Ndiye kuti ukhala mlonda wa manda mpaka imfa. Nguluwe zili zambiri m'nkhalangomu kuposa zipolopolo za ku Konya konse."

"Usta adati mfutiyi siifa."

"Mfutiyo ayi."

A Battal adaika zigubu pansi kuti apume. Adaloza ndi chibwano malo opanda kanthu pambali pa mtumbira wa Gülizar, amene adadzisungira okha.

"Ukadzandiika apo, usadzathirepo madzi. Ngakhale pa iye. Padzakhala palibe wolondera."

"Ine? Ndimalephera kuthira kwa mkazi wanga yemwe, ndidzathire kwa iwe ndi nkhope yakoyo?"

"Ndi chifukwa chake ndikuuza iwe."

Adatolanso zigubu zija napitiriza kukwera. Mpaka lero amakwera, ngakhale tsopano amanyamula chimodzi chokha, ndipo amapuma kawiri panjira. Amathira madzi, nakhala pa khoma mfuti ili pamiyendo, kudikira zimene madziwo aziitana. Mpope wake ulibe ndi kadontho komwe ka dzimbiri. Manda a Gülizar ndiwo okha obiriwira m'phiri lonselo, ndipo ndiwo okha amene sadaonepo mtendere.