Diresi Lalifupi Pachipata cha Sitediyamu

Lero ndadula ulusi ndi mano, ndipo ndakumbuka tsiku limene lole inatitenga ana a sukulu ku Ntchisi kukaonera magule ku sitediyamu ya ku Lilongwe.

Pachipata, mnyamata wa chipani ananditsekereza ndi ndodo.

"Iwe, mawondo ali pamtunda. Sulowa."

Masiku amenewo chovala cha mkazi chinkayenera kubisa mawondo, ndipo diresi langa la kutchalitchi linali litandifupikira. Anzanga analowa, ng'oma zikumveka mpaka m'mimba.

Ndinakhala m'fumbi n'kumasula mpendero wonse ndi mano, ulusi ukuwawa sopo. Diresi linatsika, koma silinafikebe. Ndinabwerera nditapinda miyendo ngati nkhalamba.

"Achimwene, taonaninso."

Anayang'ana kumbali, n'kuchotsa ndodo ija. Ndinawongoka ndili m'kati.