Kalata Imene Ada Longwe Anaibweza

Ndikawakumbukira Ada Longwe, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la simbi ya makala ikutsetsereka pa shati yoyera, losakanikirana ndi kununkha kwa chinangwa chonyika chimene akazi awo ankayanika pathandala kuseri kwa khitchini. Ankasita okha m'mawa uliwonse, ngakhale kunalibe kumene ankapita, akukupizira makala ndi chivindikiro cha poto, wailesi ikulira pawindo, iwo akutsutsana nayo mokweza ngati akukangana ndi munthu. Anagwira ntchito yomasulira kukhoti zaka zambiri, ndipo atapuma anabwerera kwawo kufupi ndi Chintheche. Ife tinali obwera. Bambo atamwalira, mayi anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito yocheka mitengo ya labala kuesiteti, ndipo tinkakhala m'kanyumba koyang'anizana ndi khonde la a Longwe.

Ana tinkawaopa. Ukawalonjera kuti "Good morning" dzuwa lili paliwombo, ankakuimika pomwepo mpaka ukonze.

Ndili Sitandade 7, mphunzitsi wathu wa masamu anali ndi chizolowezi chotuma atsikana kukasenda chinangwa kunyumba kwake nthawi ya phunziro, anyamata n'kumatsala m'kalasi akuphunzira. Tsiku lina, mayeso atayandikira, ndinakana. Atandikalipira, ndinaimirira n'kukuwa kuti ndi wakuba, akutibera sukulu. Mbama imene anandimenya kukhutu lakumanzere inandigwetsera pa desiki, ndipo pofika kunyumba kolala ya yunifolomu inali itauma ndi magazi. Kuchipatala anati nembanemba ya m'khutu yang'ambika.

Mayi anakadandaula kwa ahedi. Patatha sabata anaitanidwa, n'kubwera ndi kalata ya komiti ya sukulu yolembedwa m'Chingerezi. Poti Chingerezi sankachidziwa, anandigwira dzanja mpaka pakhonde la a Longwe, nagwada.

"Ada, tatiwerengereniko."

Anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, nawerenga kawiri.

"Ahedi anakuuzani kuti mwalembedwa chiyani umu, mama?"

"Anati komiti yadzudzula onse awiri, mphunzitsi ndi mwana. Akuti mwana akapepese pa asembule atagwada, nkhani ithe."

"Onse awiri!" Anamenya tebulo mpaka kapu ya tiyi inadumpha. "Akunamizani masanasana. M'Chichewa akuuzani mawu amodzi, kudzudzula, n'kubisala kuseri kwake. M'kalatamu muli mawu awiri, ndipo ndi otalikirana ngati kuno ndi Usisya. Za mphunzitsi alemba regret. Amenewo ndi mawu amene munthu amanena sitima ikachedwa chifukwa cha mwera. Palibe wolakwa, zangochitika. Kodi khutu la mwanayu linang'ambika lokha? Akanafuna kumukalipira pakamwa akanalemba rebuke. Akanafuna kuti cholakwacho chilowe m'fayilo yake ya ntchito akanalemba reprimand. Ndiye taonani za mwana. Alemba condemn, awonjezeranso strongly. Ine zaka zonse ndinali kukhoti, condemn ndinkaimva pa munthu wopha mnzake, ndi pa nyama yowola imene dokotala walamula kuti ikwiriridwe. Lero aiika pa mwana wa zaka khumi ndi zitatu!"

Mayi anayamba kulira mwakachetechete. Ankaopa. Anati ife ndife alendo kuno, mwina ndingogwada, ndisaluze mayeso.

"Sagwada," anatero Ada Longwe. "Akagwada ndiye kuti wasainira bodzali ndi mawondo ake."

Lachisanu, tsiku limene komiti inkakumana, anavala jekete ngakhale kunali kutentha koopsa, natenga ambulera yawo yakuda, ife tikuwatsatira m'mbuyo m'kanjira ka m'minda ya chinangwa. Sanaitanidwe. Anangolowa m'kalasi mmene munali msonkhano, nalonjera onse m'Chitonga mwaulemu wake, kenaka n'kuyala kalata ija patsogolo pa wapampando, a Manda, mkulu wa mpingo amene anakulira nawo limodzi.

"Siginecha iyi ndi yanu, Ada Manda. Timasulireni zimene munasainira."

A Manda anayang'ana pepala, nayang'ana ahedi. "Analemba ndi ahedi. Ine anandiuza kuti tadzudzula onse."

Ahedi anaseka pang'ono. "Madala, musavutike. Ndi Chingerezi chabe cha muofesi."

"Chabe? Ine ndinaona anthu akupita kundende chifukwa womasulira wasokoneza mawu amodzi. Ngati ndi chabe, tisinthanitse. Mwana timupatse regret, mphunzitsi timupatse strongly condemn. Ndabwera ndi cholembera."

Ahedi anasiya kuseka. Anati zimenezo zingawonongere mphunzitsi ntchito.

"Ehee! Ndiye kuti mukudziwa kulemera kwake. Munadziwa kuti ndi mwala, n'chifukwa chake munasenzetsa mwana wa mayi wamasiye amene sangathe kuwerenga."

Anandiitana kutsogolo, nandiuza kuti nditembenuke kuti onse aone thonje linali m'khutu mwanga. Kenaka anamasulira kalata yonse m'Chitonga, mzere ndi mzere, osathamanga. Atamaliza, mayi wina wa m'komitimo, wogulitsa usipa, anaimirira mwaukali. Anati mwana wake nayenso amabwera ndi zala zochekeka posenda chinangwa, koma anauzidwa kuti ndi phunziro la ulimi. M'kalasimo munabuka phokoso, ndipo a Manda anang'amba kalata ija ndi manja awo.

Yatsopano inalembedwa pomwepo, Ada Longwe ataimirira kumbuyo kwa ahedi ngati woyang'anira mayeso. Mphunzitsi anapatsidwa reprimand, ndipo analetsedwa kutumanso ana kunyumba kwake. Za kugwada zinachotsedwa. Koma za ine analemba kuti komiti ikuchita disapprove mmene ndinayankhulira, ndipo Ada Longwe anagwedeza mutu kuvomereza.

Pobwerera mtima unkandiwawa. Ndinaiwala mantha n'kuwafunsa kuti, "Agogo, mwalolera bwanji kuti andilembenso? Wolakwa ndi iye uja."

"Kukana kusenda chinangwa unachita bwino," anatero osacheuka. "Koma unatcha munthu wamkulu wakuba pamaso pa kalasi. Disapprove ndi kunena kuti sitinakondwe nazo, basi. Imeneyo ndi saizi yako. Vala."

Ndinakhala masabata atatu osawalonjera. Iwo sanasamale n'komwe.

Lolemba ndinabwerera kusukulu ndili chilili. Mphunzitsi uja anapitiriza kuphunzitsa mpaka chaka chinatha, osandiyang'ana, osandichongera kope, ndipo palibe tsiku limene iye kapena ahedi anabwera kwathu kudzanena pepani. Mayeso ndinakhoza. Ada Longwe anamwalira ndili Folomu 2 kusukulu yogonera konko, ndipo uthenga unandipeza ataikidwa kale, ndisanawathokoze ndi pakamwa panga.

Khutu lija silinachire. Pamsonkhano ndimakhala kumanzere kwa chipinda kuti ndimve, ndipo ana anga anazolowera kundiyankhula kumanja. Akalakwa ndimayamba ndakhala chete kufunafuna mawu olingana ndi cholakwacho, mpaka bambo awo amati ndimachedwa kukalipa. Koma mkwiyo wa kalata yoyamba ija sunandichoke, ndipo sindifuna kuti uchoke.

Chaka chatha ndinali pamsika wa Mpamba ndi mng'ono wanga, tikusankha tomato. Titakwera minibasi anandifunsa chifukwa chimene sindinayankhire bambo wokalamba amene anandilonjera kawiri, akutchula dzina langa. Atandifotokozera maonekedwe ake ndinadziwa kuti anali mphunzitsi uja. Anaima kumanzere kwanga. Mng'ono wanga anati tibwerere ndikamufotokozere kuti sindinamve, angaganize kuti ndine wamwano. Ndinauza kondakitala kuti tiyeni tizipita.