Buluku Loyera la Alamu ndi Damu la Bambo

Ndikukumbukira bwinobwino, ndipo sindinamizira munthu: damu la bambo ndinatsegula ndine. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo chimene ndinkafuna chinali kudetsa buluku loyera la alamu basi.

Kwathu ku Chulu, ikafika Okutobala mtsinje umasanduka mchenga wootcha mapazi. Bambo ankatsekeratu khwawa ndi matumba a mchenga madzi asanaphwe, kuti akhale othirira nazale ya fodya. M'mawa ankachotsa thumba limodzi lokha, madzi n'kumatsika pang'onopang'ono m'ngalande kukagwera m'dzenje la pafupi ndi mabedi. Dzenje likadzaza ankabwezera thumba lija, n'kumatunga ndi keni ya chifafa. Ine ndinkati ndi kuumira, munthu kumana mbewu zake zomwe madzi.

Loweruka lina masana kunkabwera a Chirwa, mphunzitsi wa ku Kaluluma amene ankafunsira achemwali anga. Njira yawo inkadutsa pangalandepo, ndipo kwathu mlamu salandiridwa opanda kachipongwe. Nditaona njinga yawo ikung'anima patali, ndinathamangira kudamu n'kukoka matumba onse.

Anagwa mokoma, abale. Njinga uko, iwo chagada m'matope, nsapato imodzi ikuyandama. Anadzuka akulalata Chitumbuka chimene sindinatolepo kanthu. Mpaka lero ndikakumbukira, nthiti zimandiwawa.

Koma madzi sanaime pamene ine ndinkafuna. Anadzaza dzenje, n'kusefukira m'mabedi. Mbande zinali zitangomera kumene, timasamba tating'ono ngati nyerere, ndipo zinakokoloka pamodzi ndi udzu wophimbira. Posakhalitsa m'damu munangotsala thope lonunkha ndi achule.

Bambo anafika akuthamanga, khasu lili paphewa. Ndinakonzeka kulandira mbama, koma sanandiyang'ane n'komwe. Anagwada m'matope n'kuyamba kutola timbande ndi zala, kuika pachikhatho, ngakhale ankaona kuti mizu yaduka.

"Bambo a Yobu, tingathe kufesanso?" anafunsa amayi ali chiimire kumbuyo kwawo.

"Tithirira ndi chiyani?" anatero bambo, osadzutsa mutu.

Anayenda m'mudzi monse kupempha mbande, koma aliyense anali ndi zongokwanira munda wake. Mvula itayandikira anakwera lole kupita kuesiteti, kupitirira Chamama, kukalima fodya wa munthu wina ngati tenanti. Mizere imene anakonza m'munda mwawo inamera udzu. Mpaka pano amangobwera fodya akagulitsidwa, ataonda, zala zitada ndi phula, ndipo kukhwawa kuja sapitako.

Chilango changa chinali kachigawo ka bedi kamene kanapulumuka kumtunda. Bambo anati ndizikathirira ndekha, madzi ake ndizikatunga kumjigo wa kusukulu, mtunda wautali ndithu. Kunena zoona ndinachikonda. Ndinkamanga zigubu panjinga, kutsetsereka ndikuimba mluzu, anzanga akundithamangira pambuyo, ndipo ndinkauza aliyense kuti andikweza paudindo. A Chirwa anakwatira ndithu achemwali, koma akandiona pafupi ndi madzi amalambalala patali. Za buluku lawo sindinapepese, ndipo sindidzapepesa.

Zimene sindiseka ndi za m'mawa umene bambo ankanyamuka. Anandipeza panazale ndikukhuthula chigubu chonse pabedi kuti ndimalize msanga. Anatula chikwama pansi, nandigwira dzanja n'kulowetsa chala changa m'dothi.

"Ukamva chinyezi apa, usiye," anatero. "Otsalawo usungire mawa."

Pano ndili Fomu 3 ndipo ulimi wothirira timalemba m'mayeso. Ndikudziwa tsopano kuti thumba limodzi lija sikunali kuumira. Munthu ankagawa madzi kuti afike tsiku la mvula, iye ali pakhomo pake. Koma tsiku lija ndinangoti, "Chabwino bwana," n'kuwamenyera sawatcha. Anamwetulira pang'ono, natola chikwama, ine n'kukwera njinga kukatunga ena.