Tsiku Limene Anapima Munda wa NyaZimba

Kuno ku Chikomeni mwamuna salowa m'nkhokwe ya nshawa ya mkazi wake. Palibe anaikapo lamulo, tinangopeza zili choncho. Fodya ndi chimanga n'za abambo, nshawa, zimene ena amati mtedza, n'za amai. Mwamuna akangopezeka akusuzumila m'kankhokwe kaja, anzake kumowa amamufunsa ngati chitenje chikumukwana bwino.

Yunike, amene timamuitana NyaZimba, anakwatiwa kwa a Mtonga ali kamtsikana kowonda, sukulu atalekela panjila. A Mtonga anapeleka ng'ombe, ndipo mpaka lelo sanaiwale, ngakhale ng'ombezo zinatha kale ndi nkhupakupa. Apongozi ake aamuna anamulozela kamchenga kuseli kwa chulu, kumene fodya amakana, nati, "Mkamwana, muzilimamo tandiwo twanu."

Mwamuna wake, Binwell, ndi mlimi wa fodya. Tikatelo tikutanthauza kuti chipewa cha kampani chili pamutu pake. Wothilila nazale ndi Yunike, wopalila ndi Yunike, wosoka masamba mpaka zala kuda ndi Yunike. Binwell amakwela pamwamba pa mabelo kupita kukagulitsa, n'kubwela patapita masiku akununkha mafuta odzola amene m'nyumba mwake mulibe.

Yunike sanali wamkamwa. Anali wakhasu. Chaka chilichonse ankadula zitsamba zingapo kumalile, n'kuwonjezela mizele pang'ono, kamunda kaja n'kumakwawila kuthengo mwakachetechete. Nshawa ankasunga zosasenda, ndipo sankagulitsa zonse nthawi imodzi. Akafuna sopo, kandowa kamodzi kwa anyamata a njinga ochokela ku Kasungu. Akafuna mchele, kena. Mwana wao wamkazi Takondwa atasankhidwa kupita ku sekondale yogonela komweko ku boma, nsapato, yunifomu, tilanki, zonse zinatuluka m'nkhokwe ija pang'onopang'ono. Binwell ankanyada kumowa kuti mwana wake akuphunzila ku Lundazi. Mwina ankaganiza kuti ana amaphunzila ndi chisomo cha Mulungu basi.

Ndiye chaka chatha, nshawa zitangokhwima, kunabwela anthu a kafukufuku. Ati ankafuna kudziwa kuti pakhomo katundu ndi wa ndani, ntchito amagwila ndani, ndalama amasunga ndani. Kwa a Mtonga kunafika mtsikana wina dzina lake Jemima, wa nsapato za mpila ndi foni yaikulu ngati mbale. Anali mwana waulemu ndithu. Anagwada, n'kunena "monile mose" ndi lilime la ku Lusaka, ife n'kumuyankha osaseka.

Lamulo lao linali lakuti mwamuna amufunse payekha, mkazi payekha. Binwell anayankha zake: nyumba yake, minda yake, nkhuku zake, mkazi wakenso. Itafika nthawi ya Yunike, Binwell sanapite kutali. Anatembenuza njinga pafupi pomwepo n'kuyamba kukonza tcheni chimene sichinawonongeke.

Kenaka Jemima anati ayenela kupima minda. Kapimidwe kake ndi koyenda m'malile foni ili m'manja. Munda wa fodya anauzungulila msanga. Atafika kuseli kwa chulu anayenda, n'kuyenda, n'kusowa m'zitsamba, n'kutulukila kutali uko kumene ife timatola nkhuni. Binwell anali atasiya njinga, akutsatila m'mbuyo manja kumsana.

"Amai," anatelo Jemima akupukuta thukuta, "munda uwu waposa wa fodya wa atate. Mwalima nokha?"

"Ndi tandiwo chabe, mwana wanga," Yunike anayankha, maso ali pansi.

"Tandiwo? Mumathila nsinjilo za Chikomeni yonse? Mmene nshawa zakwelela mtengo chaka chino, inu ndinu a bwana pano."

Mwana uja ankayamika ndi mtima wonse. Binwell anaseka naye, koma ndi mano okha.

Nshawa zitauma n'kulowa m'nkhokwe, Binwell anatsamilitsa makwelelo masana dzuwa likuswa mtengo, azimai tili pamtondo, n'kulowamo mutu mpaka miyendo yokha kutsala panja.

"Awiske Takondwa, mwataya chiyani mmenemo?" Yunike anafunsa mwamuna wake.

"Ndikuona za pakhomo panga."

"Pakhomo panu pali chigafa uko. Chikudontha."

"Iwe NyaZimba, unabwela ndi dothi m'chikwama pochoka kwanu?"

Mai wina pamtondo anafunsa Binwell ngati amubweleke duku. Palibe anaseka kwambili, chifukwa tonse tinali titaona nkhope ya Yunike.

Nkhani inapita kwa apongozi. Kuno mkamwana sayang'ana apongozi aamuna kumaso, ndiye Yunike anagwada chammbali, akulankhula ndi mtengo wa mango. Anati zitsamba anadula yekha, mbeu anachoka nayo kwa amai ake, ndipo sukulu ya mwana ili m'nkhokwe imeneyo. Akulu aja anamva zonse, n'kutsokomola.

"Ine ndinapeleka malo a ndiwo," anatelo. "Chimene chikukwela pa sikelo si ndiwo. Dothi ndi la a Mtonga. Mkamwana azilima monga kale, wogulitsa ndi mwini khomo."

"Nanga Takondwa, adada?"

"Takondwa ndi Mtonga. A Mtonga adzaona."

A Mtonga anaonadi. Binwell anabweleka makina osendela, galimoto inabwela, nshawa zonse zinapita tsiku limodzi, ngakhale zimene Yunike anapatula za mbeu. Sabata yotsatila pakhomo panafika njinga yamoto yakale, imene imalila bwino koma kukwela chitunda imafuna kukankha. Sukulu zitatsegula, Binwell anati Takondwa ayambe wadikila fodya. Fodya anagulitsidwa, n'kunena kuti adikile nshawa. Mtsikana amene ankatiwelengela malangizo a pa botolo la mankhwala tsopano amakhala m'chigafa ndi amai ake, akusoka masamba.

Jemima sanabwelenso. Sindikumunena, sankadziwa. Mwina kumene aliko akuuza anthu a matayi kuti anapeza mai wolimba ku Chikomeni.

Chaka chino Yunike wabzala nshawa za mwamuna wake ndi mbeu yogula, ndipo amapalila ngati munthu wodwala msana. Kumalile zitsamba zayamba kubwelela. Binwell amadandaula kuti azimai a masiku ano ndi aulesi.

Dzulo ndinamupeza Yunike kuchitsime, ndinamufunsa ngati sangapemphe kamalo kena kwa achibale ake.

"Kuti akapimenso?" anatelo. Anatsuka ndowa nthawi yaitali, kenaka n'kunena motsitsa mawu, "Pali bambo wina wa golosale ku Lundazi wayamba kubwela kudzacheza ndi awiske Takondwa. Safunsa za fodya. Akafika ndimatuma mwana kunkhuni, koma nkhuni zadzala kale pakhomo, ndipo sindikudziwa kuti mawa ndimutuma kuti."